Kuyabwa kumaliseche kosatha, mankhwala atha (zokambirana za nthawi ya mliri wa korona)

Nachisale wa ku Tsangano:
Amayi anzanga ndithandizeni. Zaka 3 ndikuyabwa kumaliseche, khungu layera ngati pepala komanso limang'ambika, usiku tulo osabwera. Poyamba ankati ndi mauka, kenako adokotala akhungu ku Lilongwe anati ndi matenda a khungu otchedwa lichen sclerosus, anandipatsa mankhwala opaka otchedwa clobetasol. Pano chubu chatha ndafinya mpaka kudula ndi lezala, ndiye ndi koronayu maminibasi akunyamula anthu ochepa mtengo wakwera, ulendo wa ku Lilongwe sindingaukwanitse. Nditani?

Make Chisomo:
Pepani asisi, ine ndimadziwa ululu wake. Tengani buku lanu la kuchipatala mupite pa Ntcheu boma, dzina la mankhwala linalembedwamo, muwaonetse akilinishani. Valani masiki basi, musaope. Sopo wonunkhira musiye, muzisamba ndi madzi okha kenako Vaseline, panti wa kotoni.

Anamwino opuma:
Mwanawe, mankhwala a mauka sathandiza pamenepo, ndipo lichen sclerosus si matenda opatsirana pogonana, abambo akunyumba auzidwe zimenezo. Koma mukaona chilonda chosapola kapena chotupa musadikire kuti korona athe, pitani sabata yomweyo, nthawi zina chimasanduka khansa.

Nachisale:
Zikomo amayi, Lolemba ndilawira.