Ndiwaphunzitse bwanji masikauti mbiri ya Baden-Powell?

Akuluakulu anzanga amene mumatsogolera magulu a masikauti, ndikupempha uphungu wanu. Ndapatsidwa udindo wokamba za Robert Baden-Powell, amene anayambitsa gulu la masikauti, pa 22 February, tsiku limene timakumbukira kubadwa kwake. Mbali yosangalatsa ndikuidziwa: msasa woyamba pachilumba cha Brownsea ku England mu 1907, gulu la atsikana limene linayamba mu 1910 motsogozedwa ndi mlongo wake Agnes, ndiponso manda ake ku Nyeri m'dziko la Kenya, kumene anamwalirira mu 1941.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti munthuyu anali mkulu wa asilikali a atsamunda. Anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Amandebele mu 1896, ndipo pamene ankateteza tawuni ya Mafeking ku South Africa, imene inazingidwa ndi adani kwa masiku 217, anthu akuda anavutika ndi njala koposa azungu, nkhani imene akatswiri a mbiri yakale amatsutsanabe za mlandu wake. Ine ndikuona kuti kubisira ana zimenezi n'kusemphana ndi lamulo lathu la kukhulupirika.

Kodi inu mumazifotokoza motani kwa ana a zaka 11 mpaka 14 popanda kuwagwetsa mphwayi? Nanga makolo muyenera kuwadziwitsiratu kodi?