Tigule makina oyezera dzuwa, kapena manambala a pa intaneti ndi okwanira?

Mlembi wa kopaletivi, Ntcheu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kopaletivi yathu ikufuna kuika magetsi a sola oyendetsera mapampu a mthirira, chigayo ndi chipinda chozizira chosungiramo tomato. Titawerengetsa, pa tsiku tizifuna 400 kWh. Amene akufuna kutibwereka ndalama akuti tiwaonetse kaye kuchuluka kwa dzuwa la pamalopo. Wina watiuza kuti tigule pyranometer, makina oyezera kuwala kwa dzuwa, tiyeze miyezi itatu, wina akuti kumeneko n'kutaya ndalama poti zonse zili pa intaneti. Tigwire ziti? Nanga manambalawo tikawapeza, mapanelo tiwerengetse bwanji?

Wa sola ku Lilongwe:
Bambo mlembi, za miyezi itatuzo zisiyeni. Mukayeza Seputembala mpaka Novembala mudzapeza dzuwa loswa mtengo, n'kugula mapanelo ochepa. Mukayeza Januwale mpaka Malichi mudzapeza mitambo yokhayokha. Ngakhale chaka chathunthu sichiimira zaka zonse, chifukwa chaka cha chilala ndi cha mvula yambiri zimasiyana.

Pa ntchito ya msinkhu wanuwu, manambala a setilayiti, omwe ndi a pa intaneti aja, ndi okwanira. Kaimeni pamalo penipenipo, tengani nambala za GPS pa foni, mukazilowetse mu Global Solar Atlas ya World Bank, yomwe ndi yaulere. Zilowetseninso mu PVGIS ya European Commission, muyerekeze. Zikasiyana pang'ono musadabwe, tengani yotsika.

Mupezamo zilembo zingapo. GHI ndi kuwala konse kogwera pamalo afulati. DNI ndi kuwala kochokera pa dzuwa penipeni, DHI ndi kobalalika ndi mitambo, fumbi ndi utsi. Imene ikukukhudzani inu ndi GTI, kuwala kogwera pa panelo lopendekeka. Madera ambiri a Malawi GHI imakhala pakati pa 5 ndi 6 kWh pa sikweya mita pa tsiku mukaphatikiza chaka chonse. Koma musamangire pa nambala ya chaka. Yang'anani mwezi ndi mwezi.

Mayi injiniya, Zomba:
Ndionjezere pa kawerengedwe. Gawani mphamvu imene mukufuna pa tsiku ndi GTI ya mweziwo, mugawenso ndi 0.75. Nambala ya 0.75 ikuimira zotayika: kutentha, fumbi, mawaya ndi inverter, makina osinthira magetsi a mapanelo kuti akhale ngati a m'nyumba.

Tiyerekeze kuti ya chaka mwapeza 5.5, ya mwezi wovuta 4.5. Ndi 5.5 mupeza 97 kW, omwe ndi mapanelo 177 a 550 W. Ndi 4.5 mupeza pafupifupi 119 kW, mapanelo 216. Mapanelo 39 osiyanawo ndi amene amachititsa kuti chipinda chozizira chizime usiku wa mu Febuluwale tomato ali m'kati.

Koma samalani, mwezi wovuta si mwezi wa dzuwa lochepa nthawi zonse. Ndi mwezi umene katundu wanu, kutanthauza magetsi amene makina anu akufuna, walemera kuposa dzuwa lomwe lilipo. Mapampu amagwira ntchito kwambiri Seputembala ndi Okutobala, nthawi imene dzuwanso lili pachimake, ndipo m'dzinja amapuma. Choncho 400 kWh ija isakhale nambala imodzi chaka chonse. Lembani mizere 12, mwezi uliwonse katundu wake ndi GTI yake, muwerengetse uliwonse paokha, mutenge umene watulutsa mapanelo ambiri. Mabatire ndi nkhani ina, amenewo amawerengedwa ndi katundu wa usiku.

Za kutenthazo musazipeputse. Ma 550 W olembedwa kumbuyo kwa panelo amayezedwa panelo lili pa madigiri 25, kuwala kuli 1,000 W pa sikweya mita. Masana a Okutobala panelo limatha kufika madigiri 60, ndipo digiri iliyonse yopitirira 25 imadya pafupifupi 0.35 peresenti. Apo 12 peresenti yapita kale.

Mlembi wa kopaletivi, Ntcheu:
Zikomo mayi, zamveka. Koma obwereketsawo akadzati setilayiti siyinafikepo pamunda pathu, tidzawayankha chiyani?

Wa sola ku Lilongwe:
Mudzawauze kuti manambalawo anayesedwapo kale ndi makina apansi kuno komwe. World Bank, kudzera mu pulogalamu ya ESMAP, inaika masiteshoni atatu oyezera dzuwa ku Chileka, Kasungu ndi Mzuzu, omwe anayeza kuchokera 2016 mpaka 2018. Cholinga chinali chomwecho, kuona pamene setilayiti ikuphonya n'kukonza mapu. Zimene anayeza zili pa energydata.info, aliyense atha kutsitsa.

Kuika siteshoni yanuyanu kumapindula pa ntchito za mamegawati, monga ya 60 MW ku Salima kapena ya 20 MW ku Golomoti. Kumeneko kuphonya ndi 3 peresenti ndi ndalama zankhaninkhani chaka chilichonse, ndiye amayeza miyezi yosachepera 12 n'kuwongolera nawo manambala a setilayiti a zaka zambiri. Banki imafunanso P90, mphamvu imene pa mwayi 100, 90 mudzaifika kapena kuipitirira, osati P50 yomwe ndi yapakatikati. Afunseni obwereketsa anu ngati akufuna P90. Akatero, pezani injiniya awerengetse, n'zotchipa kusiyana ndi siteshoni.

Wa zanyengo wopuma:
Sindikutsutsa achimwene, koma setilayiti ili ndi malo amene imapunthwa, ndipo Ntcheu ndi amodzi mwa iwo. Mitambo imaiona m'mabokosi a makilomita angapo. Munda wa pansi ku Bwanje ndi munda wa pamwamba ku Tsangano ali m'boma limodzi, koma nkhungu yake ndi yosiyana. Kumapiri ndi m'madera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, siyani mpata wokulirapo pa nambala ya Juni ndi Julayi. Utsi wa moto wa tchire wa Ogasiti mpaka Okutobala nawonso umavuta kuuyeza kuchokera kumwamba.

Mukaumirira kuyeza, yezani zenizeni. Pyranometer ikhale ya Class A pa muyezo wa ISO 9060, yokhala ndi satifiketi yake, ndipo izikaunikidwanso zaka ziwiri zilizonse. Data logger, kamakina kosunga manambalawo, iziwerenga sekondi iliyonse n'kusunga avereji ya mphindi imodzi. Pasakhale mtengo, thanki kapena mlongoti wotchinga kum'mawa ndi kumadzulo. Kathovu ka levulo ya pa pyranometer kazikhala pakati pa kamzere kake kozungulira. Mtengo wokhomerapo ukangopendekekera kum'mawa mvula itafewetsa nthaka, manambala a m'mawa amakwera, a madzulo n'kutsika, inu osadziwa.

Chimene chimapha masiteshoni ambiri ndi kagalasi ka pamwamba pa pyranometer. Mame a m'mawa amagwira fumbi n'kuumira pomwepo, mbalame nayo n'kusiyapo chitosi. Kamafunika kupukuta ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera, tsiku lililonse ngati n'kotheka, ndipo wopukutayo azilemba tsiku ndi nthawi m'kabuku. Makina osapukutidwa amanama kuposa setilayiti. Onaninso wotchi ya logger: ikakhala pa UTC, nthawi ya dziko lonse, inu n'kumayesa nthawi yathu, zonse zasuntha ndi maola awiri. Ku Ntcheu dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:40, osati 12 koloko, choncho tsiku lopanda mitambo nsonga ya girafu ya manambala a kuwala izioneka chapomwepo.

China, musatenge maola a dzuwa olembedwa ndi kampira kagalasi kootcha khadi ka ku masiteshoni a zanyengo n'kuwayesa kWh. Ola la 7 koloko m'mawa ndi la masana kamawerenga mofanana.

Mmisiri wa ku Balaka:
Manambala akapezeka, mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri 15 mpaka 20. Osatsika pa 10, mvula imalephera kutsuka fumbi. Musanadule mitengo kapena kukumba maenje, kayendereni malowo mu Juni cha m'ma 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, nthawi imene mithunzi ya zinthu za kumpoto kwa malowo imatalika. Muyang'anenso kum'mwera, chifukwa kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsira mbali imeneyo. Chigayo muchimange kunsi kwa mphepo, kutali ndi mapanelo. Fumbi la ufa likakumana ndi mame limamata ngati phala, ndipo 0.75 ya mayi aja siyinawerengere zimenezo.