Inshuwalansi ya galimoto ili pa adiresi ya azakhali

Wakudedza: Abale thandizeni, inshuwalansi ya galimoto yanga ndinalembetsa pa adiresi ya azakhali ku Leicester koma pano miyezi 5 ndikukhala ku London chifukwa cha ntchito, galimotoyo imagona panja m'mbali mwa msewu, kodi itabedwa angandilipire?

Make Awiri: Achimwene aimbireni foni mawa lomwe. Mtengo amawerengera postcode (nambala ya dera pa adiresi) ya komwe galimoto imagona usiku, ndiye akadzatulukira kuti simunanene akhoza kukana kulipira kapena kuifafaniziratu, kenako kupeza ina kumadula koopsa.

Achalume: Zoonadi zimenezo. Ine nditasamuka ndalama inakwera ndithu, zinandiwawa, koma mtima unakhala pansi. Musaiwalenso kusintha adiresi pa V5C (chikalata cha kaundula wa galimoto) ndi laisensi ku DVLA (ofesi ya boma la UK yoona za magalimoto ndi malaisensi), nzaulere, mukapanda kutero chindapusa chimatha kufika £1,000.

Wakudedza: Zikomo akuluakulu, ndiwaimbira mawa pa buleki.