Waya wanji pa sola ya pa loji? Mitengo iwiri yandisokoneza

Mwini Loji ku Senga Bay

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi malo ogona alendo kuno ku Senga Bay, zipinda khumi ndi cold room yosungiramo chambo ndi zakumwa. Dizilo wa jenereta wandikwana, ndiye ndaganiza zoika sola: mapanelo 24 a 550W, inveta ya 12kW ya three-phase ndi mabatire a 48V. Mapanelo akhala padenga la malata la holo, inveta m'kachipinda komwe kali mamita 40 kuchokera pamenepo, cold room nayo ili mamita ena 60 kuseri kwa zipinda.

Amisiri awiri andipatsa mitengo. Zina zonse akufanana, koma pa mawaya ndiye atalikirana. Woyamba walemba twin and earth wa 4mm, ati ndi yemwe uja timaika pa cooker ndipo sanamuvutitsepo. Wachiwiri walemba mitundu itatu ya waya, mtengo wake ndinachita kuwerenga kawiri. Kodi ameneyu sakungofuna kundidyera, poona kuti ndine mzimayi?

Wamagetsi wa ku Kawale

Mayi, pamenepa yemwe akufuna kukupwetekani ndi wotchipayo.

Mapanelo anuwo awalumikiza m'mizere iwiri ya 12. Panelo imodzi ya 550W imafika pafupifupi 50V ikakhala yosalumikiza, ndiye mzere umodzi ndi 600V ya DC (magetsi oyenda mbali imodzi, otuluka m'mapanelo ndi m'mabatire), ndipo m'mawa wozizira wa mu Juni imakwererako. Twin and earth anamulemba 300/500V. Chikopa chake ndi PVC ya 70°C yosapirira dzuwa. Inu mukudziwa momwe malata amatenthera ku Salima mu Okutobala. Pakapita nyengo chikopacho chimauma n'kuyamba kung'aluka, ndipo DC ikayamba kuthetheka siizima yokha ngati AC ya ESCOM, imangoyakabe mpaka chinachake chipse. Padenga pamafunika waya wa sola weniweni. Muwerenge pachikopa pake, pakhale H1Z2Z2-K ndi EN 50618. Ameneyo ndi wa 1500V DC, wa zikopa ziwiri, ndipo anapangidwa kuti akhale padzuwa zaka 25.

Kukula kwake, 4mm angathe. Mzere umodzi umayendetsa 13A basi, ndipo pa mamita 40, kupita ndi kubwera 80, mumataya 4.5V pa 500V yomwe mzere umakhala nayo ukamagwira ntchito, osafika ndi 1% yomwe. Pa 6mm mumataya 3V.

Koma malo amene ine ndimachita nawo mantha ndi pakati pa mabatire ndi inveta. Anthu amaona 48V n'kumati n'zazing'ono. Gawani 12,000W ndi 48, mupeza 250A. Pamenepo pamalowa waya wonenepa ngati chala, 70mm kapena 95mm, kapena awiriawiri a 50mm, malinga ndi buku la invetayo. Akhale wamfupi, mita imodzi kapena iwiri, ma lug ake (tizitsulo ta kumapeto kwa waya) ofinyidwa ndi chofinyira chake, crimper, osati kumenya ndi hamala, komanso fyuzi ya DC pafupi ndi batire.

Wopita ku cold room akhale armoured (wokutidwa ndi zitsulo zomuteteza) wa 4-core, wokwirira pansi. Kukula kwake mmisiri awerengere compressor yanu, chifukwa poyamba kulira imakoka mphamvu yochuluka kuposa yomwe inalembedwa. Mitundu itatu ija ndi imeneyo.

Wachigayo ku Dedza

Zonse anena achimwene a ku Kawale n'zoona, koma zolemba pachikopa musazikhulupirire msanga. Ine ndinagulapo mpukutu wolembedwa bwinobwino, mtengo wabwino, wogulitsa akulumbira kuti ndi kopa. Masana waya ankatentha osagwirika. Titamusenda n'kupala ndi mpeni, kunja kofiira, mkati moyera: aluminiyamu wopaka kopa. Waya wotere amakaniza magetsi kuposa kopa ndi theka n'kupitirira, ndiye 6mm wake amagwira ngati 4mm, mwinanso osafika, ndipo amathothoka pa ma terminal.

Chosokoneza n'chakuti waya wa sola weniweni naye amaoneka woyera, chifukwa kopa wake amamukuta ndi tin kuti asachite dzimbiri. Ameneyo mukapala mkati mumapeza mofiira. Ndiye mpeni ukhale m'chikwama, mayi, ndipo mudule kachidutswa pa mpukutu womwe mukugulawo, osati pa sampulo ya pa kauntala.

Wasola wa ku Mzuzu

Ine pa 4mm paja ndikutsutsako pang'ono, bambo a ku Kawale. Masamu anu ali bwino, koma kopa akatentha amakaniza kwambiri, ndipo wa pa malata kunyanja sakhala pa 20°C ya m'buku. Pamalo a bizinesi, pa mtunda wotere, ine ndimaika 6mm n'kugona tulo. Kusiyana kwa mtengo n'kochepa mukayerekeza ndi cold room yodzaza chambo.

Chinanso, moto wambiri wa sola suyambira pa waya weniweniyo koma polumikizira. Ma MC4, timapulagi tolumikizira mawaya a mapanelo, akhale a kampani imodzi mbali zonse ziwiri. Ena amalowana ndithu ngakhale ali osiyana, koma amasiya kampata, chinyezi cha kunyanja n'kulowa. Waya asagone pa malata, amangiriridwe ku njanji za mapanelo ndi ma clip achitsulo, poti tizingwe tapulasitiki toyera tija timaduka ndi dzuwa. Wofiira ndi wakuda ayende limodzi mogundana, asazungulire denga wina uku wina uko, chifukwa mphenzi ikagwa pafupi nthawi ya dzinja mpata umenewo ndi umene umakoka mphamvu yopsereza inveta. Pakhalenso surge protector ya DC, yoteteza inveta magetsi akakwera mwadzidzidzi, ndi waya wa earth pa njanji zonse. Potsika pakhoma alowe mu paipi yotseka kukamwa, makoswe a m'khitchini ya loji sasankha.

Ndipo muwafunse onse awiri chiphaso cha MERA.

Mwini Loji ku Senga Bay

Zikomo kwambiri abambo inu nonse. Ndayang'ananso pepala la wachiwiri uja: 6mm H1Z2Z2-K, 70mm wa mabatire ndi armoured, zonse zilipo, koma surge protector sindikuiona, mawa ndimufunsa. Woyambayo ndamuimbira za chiphaso, wati andiyankha madzulo.

Funso lina: armoured uja adutsa mumchenga, ndipo galimoto za alendo zimaima chapomwepo. Akumbe mozama bwanji?

Wamagetsi wa ku Kawale

Theka la mita lisachepe, ndipo poima galimoto apitirize kuzamitsa, waya alowe mu paipi yolimba. Pamwamba pake ayale tepi yochenjeza asanamalize kukwirira, kuti wodzakumba ngalande ayambe wakumana ndi tepiyo. Mujambulenso chithunzi dzenje lisanatsekedwe, musunge pamodzi ndi mapepala a loji.