Za app ya sound ya mvula ija, zatheka

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa lija la app yoti ndizisakaniza ndekha phokoso la mvula, mphepo ndi mafunde ndikafuna kugona. Ndinatsatira amene anati ndiyese myNoise, ndipo eeh yandithandizadi. Ili ndi ma slider 10, ndiye ndimatsitsa aja a mawu olasa m'makutu nkukweza a besi, mvulayo imamveka kuti ikugwa chapatali, mtima nkukhala m'malo. White noise ine ayi, imangoti shiii ngati wailesi yasowa siteshoni, brown noise (phokoso la besi yambiri) ndiye ikundikomera. Amene mukufuna kuyesa ikani timer chifukwa foni ikalira usiku onse batire imatha, komanso volume ikhale yotsika makamaka ngati mukugona ndi ma earphone.