Passat 2.0 TDI ikutulutsa P0471: tigule sensa kapena vuto lili kwina?

Wa ku Ndirande: Akuluakulu, pagalaja pano pali Passat 2.0 TDI ya 2012 yochokera ku UK. Getsi la DPF (fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi) layaka, la koyilo likuphethira, ndipo pachitunda galimoto ikuchita kukwawa. Kompyuta yoyezera ikupereka makodi a vuto P0471 ndi P2463. Ndikafufuta, P0471 ikubweranso tikangoyenda pang'ono. Eni ake akuti tigule sensa, zikakanika tingoboola DPF. Ndiyambire pati?

Wa ku Biwi: Musagule kaye, achimwene. P0471 sikutanthauza kuti sensa yafa, ikungonena kuti zomwe sensa ya presha ya utsi, G450, ikuwerenga sizikugwirizana ndi mmene injini ikugwirira ntchito. Ntchito ya sensayi ndi kuyeza presha ya utsi isanalowe mu DPF ndi kuiyerekeza ndi ya kumbuyo. Mwaye ukachuluka nambala imakwera, ECU (kompyuta ya m'galimoto yoyendetsa injini) imadziwa kuti nthawi yowotcha mwayewo yakwana.

Pa kompyuta yoyezera, lowani pa live data, pamene pamaoneka zomwe sensa ikuwerenga nthawi yomweyo. Kiyi ali on, injini yozima, muyenera kuona 0 mbar, kapena 2, 3 basi. Mukaona 20 kapena 30, zulani mapaipi onse pa sensa. Ikakhalabe pomwepo, sensa ndiyo yatha, palibenso kukambirana. Ikakhala pa 0, lizani injini. DPF yabwino pa idle siipitirira 10 mbar, ndipo mukaponda mpaka 2,500 rpm nambala imakwera mosalumpha. Mutiuze zomwe mwapeza.

Wa zamagetsi ku Luwinga: Ndionjezepo za mawaya. Pulagi ili ndi atatu: wa 5V wochokera ku ECU, wa earth, ndi wa signal umene umakhala cha pa 0.5V injini yozima. Yezerani kumbuyo kwa pulagi ndi kasingano, osaboola waya, chifukwa pabowopo pamalowa madzi nyengo ya dzinja. Earth isapitirire 0.1V. Komabe waya woduka kapena wogundana nthawi zambiri amabweretsa P0472 kapena P0473, ndiye pa P0471 ine ndikukayikira mapaipi.

Wa ku Ndirande: Ndayeza. Yozima 1 mbar, idle 2, pa 2,500 rpm 4 yokha. 5V ilipo, earth ili bwino.

Wa ku Biwi: Ndiye sensa sikumva chilichonse. DPF yodandaula mwaye siingapereke 4 mbar. Presha ikutayika panjira kapena siikufika n'komwe. Tsatani paipi ya rabara yochokera kutsogolo kwa DPF, makamaka pamene yalumikizana ndi kapaipi kachitsulo. Kutentha kumaumitsa rabara, ming'alu yake imabisala kunsi, muiona mukaipinda. Mukaona mwaye wakuda pafupi, ndi pomwepo.

Kapaipi kachitsuloko kamatsekekanso ndi mwaye wosakanikirana ndi chinyezi. Thiranimo carb cleaner, lowetsani waya wa buleki ya njinga mukuupotokola, kenako uzirani ndi kompresa kulowera ku ekizozi. Kompresa isayandikire sensa. Mkati mwake muli kachikopa kopyapyala kamene sikangapirire mphepo ya kompresa.

Sensayo muiyese payokha ndi sirinji pa kabowo ka presha yaikulu. Kankhani pang'onopang'ono mpaka 100 mbar mukuyang'ana kompyuta. Ikwere bwino, iime mukaima, ibwerere pa 0 mukamasula.

Wa ku Ndirande: Mwalasa, akulu. Rabara yang'ambika kunsi, kachitsulo kanali kotsekeka ndithu. Pa sirinji sensa ikuyankha bwino. Paipi ya mafuta ya saizi yomweyo ingagwire?

Wa ku Biwi: Ayi. Ya mafuta imauma msanga ndi kutentha kwa pamenepo. Pezani ya silikoni yopirira moto, ndipo iyende motsetsereka kuchoka pa sensa kupita ku ekizozi, pasakhale pokhota posunga madzi. Musasinthanitse mapaipi, mukatero nambala imapita ku minus.

Wa ku Mchesi: Za P2463, kodi ya mwaye wochuluka mu DPF, musathamangire forced regen (kulamula ndi kompyuta kuti DPF iwotche mwaye galimoto itaima). Onani kaye magalamu a mwaye. Pa injini za VW izi, mukapitirira 45 g kuwotcha n'koopsa, DPF imatha kusweka mkati kapena kugwira moto, ndiye imafunika kuimasula n'kuitsuka. Onaninso dipstick. Regen ikamalephera kawirikawiri, dizilo amatsikira mu oyilo, levulo imakwera. Ikapitirira pa max, sinthani oyilo musanachite china chilichonse, muike wa VW 507.00. Wamba wa 15W-40 amasiya phulusa, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye.

Magalamu akalola forced regen, thanki ikhale yopitirira kota, galimoto iime panja pasimenti. Ekizozi imafika cha ku 600°C, udzu wouma kapena zitini za mafuta zisakhale pafupi. Akakhala ochepa, ingoitengerani msewu wa ku Zalewa, giya 4 kapena 5, cha pa 2,000 rpm, liwiro lopitirira 60 km/h kwa mphindi 15 mpaka 20.

Zoboola DPF muwakanize eni ake. Mukaboola popanda kusintha pulogalamu ya ECU, sensa iwerenga presha yotsika kwambiri, P2002 ibwera, getsi liyakanso, ndipo utsi wonsewo tikupuma ndife amene timagwira ntchito kumbuyo kwa galimotozi.

Wa zamagetsi ku Luwinga: Tsiku lina mukadzasinthadi G450, mudzachite adaptation pa VCDS (pulogalamu yoyezera magalimoto a VW) injini yozima, kuti ECU iphunzire ziro ya sensa yatsopano. Ambiri amaiwala, n'kumati sensa yatsopanoyo ndi yabodza.

Wa ku Ndirande: Paipi ya silikoni yalowa. Idle tsopano ikuwerenga 28 mbar, mwaye 36 g, oyilo wapitirira max. Ndikusintha oyilo ndi fyuluta kaye, regen ndichita mawa m'mawa. Zikomo nonse.

Wa ku Mchesi: Ikatha, idle itsike pansi pa 10. Ikakakamira pamwamba mwaye uli wochepa, ndiye ndi phulusa, DPF imasulidwe ikatsukidwe.