kraken2-build ikungofa ndi "Killed", usiku wachitatu uno

seva64: Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndikumanga database ya Kraken2 (pulogalamu yozindikira zamoyo poona DNA yake), yokhala ndi bacteria, viral ndi human, pa seva ya RAM ya 64GB. Ikafika pomanga hash table imangolemba "Killed" basi. Katatu konse. Ndili ndi ma reads (zidutswa za DNA zowerengedwa) a makina a Nanopore ochokera ku zitsanzo za chimbudzi, abwana akufuna zotsatira Lachisanu. Ma threads ndatsitsa kufika pa 4 koma palibe chasintha.

pipeti: Ma threads alibe mlandu achimwene. Onani dmesg (mauthenga a sisitimu), mupeza kuti ndi OOM killer, yomwe imapha pulogalamu RAM ikatha. Fayilo ya hash.k2d, hash table mukunenayo, imafunika ikwane yonse mu RAM, ndipo bacteria ya RefSeq (nkhokwe ya ma genome) inakula kalekale kuposa seva yanuyo. Ikani --max-db-size kuti database ichepe, apo ayi ingokoperani Standard-16, database ya 16GB yomangidwa kale.

mkulu_wa_labu: Mukuvutikiranji ana inu? BLAST, pulogalamu yofananitsa DNA, ilipo kuyambira 1990. Pangani makeblastdb, thamangitsani blastn, nkhani yatha.

pipeti: Blastn pa ma reads onsewo bambo? Nanga nt ija, database ya BLAST ya ma GB mazanamazana, aikopera ndi intaneti iti Lachisanu lisanafike?

chemwali_seq: Standard-16 musaitenge mwachimbulimbuli. Kuti ichepe choncho amataya ma minimizer (tizidutswa ta DNA tosungidwa mu database) ambiri, ndiye unclassified, ma reads osazindikirika, imachuluka. Komanso Kraken2 imayendera ma k-mer, tizidutswa ta zilembo 35 za DNA, pomwe Nanopore imalakwitsa zilembo apa ndi apo, chilembo chimodzi cholakwika chimaononga ma k-mer onse odutsa pamenepo. Mukakweza --confidence (mlingo wotsimikizira dzina) kwambiri mutsala ndi zochepa zedi. Chinanso, chonde human musaichotse pofuna malo. Ine ndinachotsapo. Ma reads a munthu anakamatirira pa genome ina ya bakiteriya yomwe inali ndi zidutswa za DNA ya munthu, lipoti n'kutuluka ndi kachilombo komwe wodwala analibe. Dokotala anandiimbira usiku akufunsa mankhwala oti apereke. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda.

mkulu_wa_labu: Ndi zomwe ndikunenazo. Kraken imangokupatsa dzina, BLAST imakuonetsa alignment, mmene zilembo zikufananira, ndi maso ako. Mwana wanga, ukanaona alignment sukanatumiza lipoti limenelo.

seva64: Nanga --memory-mapping, yowerenga database pa disiki osailowetsa yonse mu RAM?

pipeti: Imeneyo ndi ya pofufuza, pomanga sikupulumutsani. Ndipo ngati disiki yanu si SSD iwalani. Ndinayesa pa HDD, kanyali ka disiki kanangoyaka osaphethira usiku wonse, m'mawa chitsanzo chimodzi chisanathe. Yesani Centrifuge, pulogalamu ina yonga Kraken2, imagwiritsa ntchito index yopanikizidwa yotchedwa FM-index, pofufuza RAM imadya pang'ono, koma kumanga index yake nakonso kumafuna makina aakulu.

chemwali_seq: Musasakanizenso taxonomy (mndandanda wa mitundu ya zamoyo) yakale ndi library ya ma genome yatsopano. Ma accession (manambala a ma genome) ena sapeza taxid (nambala ya mtundu wake), amangosiyidwa kunja, inu osazindikira.

mkulu_wa_labu: Tengani ma reads 200 okha muwaponye pa BLAST. Ndanena kale.

usiku_shift: Mukakopera database yomangidwa kale chitani md5sum, yoonera ngati fayilo yabwera yosaonongeka, musanayambe chilichonse. Kwathu magetsi anazima tili mkati mokopera, wget -c inapitiriza bwinobwino, koma pomasula tar inakana chakumapeto. Masiku awiri a bandulo anapita. UPS yathu (chipangizo cha mabatire chothandiza magetsi akazima) inkangogwira mphindi zitatu, mabatire anali atafufuma ngati mandasi.

pipeti: Mabatirewo munasintha ndi a 12V 7Ah omwewo kapena munapita ku lithium? Athunso ayamba kulira.

usiku_shift: Omwewo. A lithium akawunti anakana, akuti tidikire bajeti ya chaka chamawa.